Zilonda zapakhosi ndi mtima wa mwana: tiphunzitse ana okha, kapena ndi akuchipatala omwe?

Madam Nachisale:
Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Pepani ndilemba motalika, nkhaniyi yakhala ikundisowetsa tulo. Ndimaphunzitsa Sitandade 6 pa sukulu ina kuno kufupi ndi nyanja ya Malombe. Teremu yathayi mtsikana wina wa m'kalasi mwanga, wazaka 12, katswiri pa mpira wa manja, anayamba kujomba. Akabwera ankangokhala pansi pa mtengo wa mango anzake akusewera, akuti miyendo ikuwawa. Sabata ino bondo, sabata inayo akakolo, kenako chigongono. Ine ndinkati ndi ulesi wa utsikana umene wayamba, mpaka tsiku lina ndinamukalipira pamaso pa anzake. Mulungu andikhululukire. Lero ampeza ndi matenda a mtima, ndipo amayi ake akuti adokotala anena kuti chiyambi chake ndi zilonda zapakhosi. Zilonda zapakhosi, abale! Ndaphunzitsa zaka 14 koma sindinamvepo zimenezi.
Ndiye ndikuganiza kuti pa 29 September, tsiku loganizira za mtima pa dziko lonse, tichite kenakake pa sukulu pathu. Amene mukudziwa za chipatala ndithandizeni: ndiwauze chiyani anawa?

Dalitso wa kabaza:
Madam pepani. Koma pakhosi ndi mtima zikugwirizana pati? Ine ndimadziwa kuti matenda a mtima ndi a mabwana onenepa odya nyama tsiku ndi tsiku.

Bonifasi CO:
Achimwene a Dalitso, maganizo amenewo ndi amene akutipweteka. Ndine kiliniko, ndagwira ntchito m'boma lino kwa nthawi ndithu, ndipo ana a matendawa ndimawaona. Si ana a mabwana ayi. Ndi ana ogona asanu ndi mmodzi pa mphasa imodzi, okhala mothithikana m'kalasi.
Zimayenda chonchi. Pali kachilombo kena, ife timati strep, kamene kamayambitsa zilonda zapakhosi, makamaka kwa ana azaka 5 mpaka 15. Thupi limatumiza asilikali ake kukamenyana nako. Kwa ana ena asilikaliwo amasokonezeka, m'malo momenya kachilombo kokha amayamba kumenyanso thupi lomwe: mfundo za mafupa, mtima, nthawi zina ubongo. Izi zimaoneka pakapita milungu iwiri kapena itatu, pakhosi patapola kale, aliyense ataiwala. Mwana amatentha thupi, mfundo zimatupa ndi kuwawa, ululu ukusamukasamuka ndendende mmene anenera a Madam. Mfundozo zimachira. Mtima ndiye umatsala ndi chipsera, ndipo kachilomboko kakabweranso chipseracho chimakula.

Dalitso wa kabaza:
Chipsera mu mtima? Ndiye chimatani?

Bonifasi CO:
Munaonapo mjigo umene labala yake yatha? Mumapopa thukuta kamukamu koma madzi akubwera pang'ono chifukwa ena akubwerera pansi. Mu mtima muli tizitseko tinayi totsegula ndi kutseka kuti magazi azipita mbali imodzi. Matendawa amawononga tizitsekoto, makamaka ka mbali ya kumanzere. Kena kamasiya kutseka bwino, magazi nkumabwerera. Kena kamauma, njira nkuchepa. Mtima umapopa mwamphamvu kuti ukwanitse, umakula, kenako umatopa. Mwana amayamba phuma akangoyenda pang'ono, miyendo kutupa, kulephera kugona chagada usiku.

Make Shakira:
Madam, mwandikhudza pa bala. Wanga ali ndi zaka 15 tsopano, tikulowa chaka chachitatu akubayitsa jakisoni mwezi ndi mwezi. Koma ndinene zoona, kuphunzitsa ana okha sikukwanira. Mwana wanga ananena yekha kuti pakhosi pakuwawa, samatha kumeza ngakhale phala. Ndinamutengera ku chipatala chaching'ono cha kwathu, sindichitchula dzina. Anamubaya chala, akuti malungo palibe, natipatsa panado. Mkamwa sanayang'anemo n'komwe. Patapita milungu itatu bondo linatupa, tinabwereranso. Kubaya chala, malungo palibe, panado. Ulendo wachitatu anamupezadi ndi malungo, anatipatsa LA, nkhani nkuthera pomwepo. Amene anadzaika chomvetsera pa chifuwa cha mwana wanga anali munthu wachinayi, patapita miyezi isanu ndi iwiri, mwana atatupa kale mapazi moti nsapato za kusukulu sizimalowa. Ndiye inu muwauze ana kuti pakhosi pakawawa thamangirani ku chipatala, akafika kumeneko akalandire panado?

Nesi Tamara:
Amayi a Shakira, sindikutsutsani ngakhale pang'ono. Koma mutimvetsenso. Pali masiku amene munthu mmodzi amaona odwala kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, mzere osatha, kunja amayi akudikira sikelo, kwina wina akubereka. Mutu umangoti kutentha thupi ndi malungo. Sindikuti ndi bwino. Ndikungoti vuto si ulesi wokha. Kusukulu tinaphunzira za matendawa, inde, koma tsamba limodzi, ndipo maphunziro apadera amene amatiitanira kawirikawiri ndi a malungo, a HIV, a TB, a katemera. A mtima wa ana ine chiyambire ntchito sindinapiteko.

Make Shakira:
Anesi, kutsegula mwana kukamwa ndi kuunikamo ndi tochi ya pa foni kumatenga mphindi zingati?

Nesi Tamara:
Imodzi siikwana. Mwandigwira pamenepo, ndavomera.

Bonifasi CO:
Ndiye pamene pagona nkhani. Anzanga a zachipatala amene muli pa gulu pano, tikumbutsane. Zilonda zapakhosi zambiri ndi za chimfine, zimatha zokha. Za strep zimakonda kubwera mwadzidzidzi, thupi kutentha, pakhosi kufiira kapena kuoneka zoyerayera ngati mafinya, mwanabele wowawa m'khosi, koma chifuwa ndi mamina palibe. Mwana wotere apatsidwe penisilini: jakisoni mmodzi wa benzathine, kapena mankhwala akumwa masiku 10 osadumphitsa. Basi. Mankhwala akalekale, otchipa, ndipo strep mpaka lero imagonjabe kwa penisilini. Ndipo mwana aliyense wobwera ndi mfundo zotupa ndi kutentha thupi, ngakhale malungo apezeke, timvetsere mtima wake. Kuno malungo amatha kupezeka m'magazi mwa mwana amene vuto lake lenileni ndi lina.

Che Amadu ku Joni:
Sikomo achimwene, koma ine ndili ndi funso. Bwanji osangouza makolo kuti azigula makapisozi pa golosale mwana akadwala pakhosi? Kwathu ku Makanjira kuti ufike ku chipatala nthawi ya mvula ndi nkhani ina.

Bonifasi CO:
Che Amadu, ayi ndithu. Pa golosale amagula makapisozi anayi, mwana akamva bwino tsiku lachiwiri asiya. Kachilombo sikanafe. Komanso kumwa mankhwala otere mwachisawawa ndi kumene kukupangitsa tizilombo tina kusamva mankhwala. Ndimu, jinja ndi uchi zimafewetsa pakhosi, sindikana, inenso ndimamwa, koma sizipha strep.

Gogo Nambewe:
Ana anga, ine ndinali mphunzitsi nthawi ya Kamuzu. Tinkafola ana m'mawa kuyang'ana zikhadabo, mano, tsitsi ndi mphere. Palibe amene ankatipatsa alawansi. Lero kufunsa ana kuti ndani akumva kuwawa pakhosi kungavute chiyani? Funso limodzi poitana mayina.

Mlangizi Yusufu:
Agogo anena zanzeru. Ine ndine mlangizi wa zaumoyo, ndimayenda m'midzi ya kumtunda cha ku Namwera. Koma Madam ndikuchenjezeni chinthu chimodzi: musayambe ndi ana, yambani ndi makolo ndi mafumu. Tikamapita m'sukulu kukapereka mankhwala a likodzo, pamene sitinawafotokozere makolo ana amathawira kuthengo. Mukukumbukira mphekesera za anamapopa mu 2017 cha ku Mulanje ndi Phalombe? Mantha aja sanatheretu m'mitu mwa anthu. Mukangobwera ndi anthu ovala zoyera nkumatchula mtima ndi magazi, mawa lake theka la kalasi kulibe. Itanani komiti ya sukulu, amayi a mother group, agulupu, a shehe ndi abusa. Akamva iwo, ana abwera okha.

Ustazi Idrisa:
Zoona zimenezo. Ndipo musaiwale kuti ana ambiri kuno akaweruka kusukulu amabwera ku madrasa, ena amene anasiya sukulu ku madrasa amabwerabe. Tipatseni uthenga wachidule, m'Chichewa ndi m'Chiyao, tiziwauza. Lachisanu tikhozanso kunena mu mzikiti. Koma ukhale uthenga woona, wochokera kwa odziwa, osati aliyense zake.
Ndifunsenso adokotala. Kuli mwana wina kwathu amene anayamba kugwedeza manja ndi nkhope mosafuna, kugwetsa makapu, kulemba kwake kunasokonekera. Anthu akuti ndi majini, ena akuti amulodza. Mwanena za ubongo, kodi nkutheka kuti ndi zomwezi?

Bonifasi CO:
Sindingapime mwana pa foni, Ustazi, koma zimene mwafotokozazo ndi chimodzi mwa zizindikiro zodziwika za matendawa, ndipo chimakonda atsikana. Chimatha kubwera patapita miyezi ingapo chichitikireni zilonda zapakhosi. Akagona tulo kugwedezako kumasiya. Mufunseni mayi ake ngati zili choncho. Chonde apite naye ku chipatala cha boma sabata ino, akamumvetsere mtima. Kugwedezako kumatha, koma mtima ndi umene tikuudera nkhawa.

Ustazi Idrisa:
Ndipita kukaonana ndi bambo ake ikatha swala ya madzulo.

Dalitso wa kabaza:
Ine mantha andigwira tsopano. Matendawa ndi ochuluka bwanji?

Bonifasi CO:
Ku Lilongwe anachitapo kafukufuku, anaunika mitima ya ana 1,450 ndi makina a echo, aja oona mkati ngati a amayi oyembekezera. Anapeza kuti ana oposa atatu pa 100 alionse anali ndi zizindikiro za matendawa mu mtima, ana ooneka athanzi, osadandaula kanthu.

Madam Nachisale:
M'kalasi mwanga muli ana 118. Ndangowerengera, thupi lachita tsembwe.

Bonifasi CO:
Musawerengere choncho ndendende Madam, Lilongwe si Malombe, komanso ambiri mwa ana amenewo vuto lawo linali laling'ono, ena limatha lokha. Koma nkhani yabwino ndi iyi: ku Gulu, m'dziko la Uganda, anayesa kubaya ana otere penisilini milungu inayi iliyonse kwa zaka ziwiri. Mwa obayidwa, amene matenda anakula sanakwane mmodzi pa 100. Mwa osabayidwa anali pafupifupi asanu ndi atatu pa 100. Ndiye jakisoni amene akunena amayi a Shakira uja si wamasewera. Sakonza kachitseko kowonongeka, koma amatchinga kuti strep isabwerenso kudzawonjezera.

Make Shakira:
Si wamasewera, koma kuwawa kwake abale! Mankhwala ake ndi oyera, olimba ngati phala la mgaiwa. Mwana wanga tsiku la jakisoni amayamba kulira tisanakwere njinga. Pobwerera amakhala chammbali pa kaliyala. Mwezi wina singano inatsekeka pakati, anachita kumubaya kawiri. Ndipo kawiri konse tapitako nkutiuza kuti mankhwala atha, bwerani sabata ya mawa, thiransipoti yapita. Anesi ena amachita kukana, akuti amaopa jakisoni ameneyu.

Nesi Tamara:
Za manthazo ndi zoona, ndisabise. Timamva nkhani za odwala amene anakomoka atangobayidwa, ndiye wina amati bola ndisakhale ine. Apa ndi pamene tikufunika kuphunzitsidwa bwino, chifukwa njira zochepetsera mavuto zilipo. Mwana asabwere ndi njala, adye ndi kumwa madzi kaye. Abayidwe atagona, osati ataimirira, ndipo akhale kaye pang'ono tisanamulole kupita. Botolo ulifunditse m'manja, ukasungunula ubaye nthawi yomweyo lisanagwirane, ndi singano yaikulu bwino, pang'onopang'ono. Kusakaniza ndi lignocaine kumachepetsa ululu. Mankhwala a adrenaline, othandiza thupi likadana ndi jakisoniyo mwadzidzidzi, akhale pafupi nthawi zonse. Koma amene mtima wake wafooka kwambiri, ameneyo adokotala aone ngati sikuli bwino kumupatsa akumwa. Zonsezi ndinaziphunzira kwa mnzanga pa ntchito, osati m'kalasi.

Make Shakira:
Zoti adye kaye palibe anandiuzapo. Ife timanyamuka m'mamawa osadya kuti tikapeze mzere waufupi. Zikomo anesi.

Achemwali a usipa:
Pepani ndilowererepo. Ine za ana ndamva, koma nanga akuluakulufe? Amuna anga anagwa pa doko chaka chatha, mbali imodzi yafa, akuti BP. Anawo muwaphunzitsenso za mchere. Kuno ndiwo ikapanda kuwawa mchere timati sinakome, patebulo timawonjezeranso wina.

Bonifasi CO:
Pepani achemwali ndi za alamu. Mwanena zoona. Kafukufuku wa dziko lonse wa mu 2009 anapeza kuti munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse kuno ku Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri mwa iwo sankadziwa. BP siipweteka, ndiye kuipa kwake. Ikamafika 140/90 kapena kuposa, mobwerezabwereza, ndi vuto. A WHO amati mchere usapitirire magalamu 5 pa tsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu ndiwo momwe. Onjezani timakyubu tokometsera ndiwo, soda wa mu therere, tchipisi cha pa chiwaya chowazidwa mchere ngati mvula. Usipa wokha ulibe mlandu, ndi chakudya chabwino.

Achemwali a usipa:
Bola mwanena nokha kuti usipa ulibe mlandu, ndimaopa mundithera bizinesi.

Dalitso wa kabaza:
Kkkk achemwali. Koma fodya ndi kachasu musazisiye Madam, anyamata a kunyanja amayamba ali aang'ono, akuti kuthamangitsa mphepo usiku.

Madam Nachisale:
Zonsezo ndazilemba, koma ndikuopa kuthira ndiwo zambiri mu mphika umodzi. Mwana wa Sitandade 4 ukamuuza za strep, BP, mchere, fodya ndi kachasu tsiku limodzi, akafika kunyumba akumbukira kuti kunabwera alendo basi. Ine ndikuona kuti tsiku limenelo tigwire chimodzi: pakhosi pakawawa nena, mfundo zikatupa nena. Za mchere ndi fodya tiziphatikiza m'maphunziro a sayansi ndi a Life Skills chaka chonse. Achemwali musakhumudwe.

Gogo Nambewe:
Ndipo musawalalikire. Ana amagwira chimene achigwira ndi manja. Ine ndinkatuma mwana kwa opha mbuzi pa msika kukatenga mtima wa mbuzi, ndinkaudula pakati ndi lezala pa tebulo. Ankaona okha zipinda zinayi zija, ndi tizitseko topyapyala tomangidwa ndi tizingwe toyera ngati ulusi. Ukathira madzi ndi kapu kachitseko kamatseka ukuona. Kalasi yonse zii, ngakhale ovuta aja. Kenako aliyense akunge chibakera, umuuze kuti mtima wako ndi waukulu chonchi. Aike zala ziwiri pa mkono awerenge kugunda kwa mphindi imodzi, athamange kuzungulira bwalo kawiri, awerengenso. Ena mwa ana amenewo lero ndi agogo anzanga koma tikakumana amandikumbutsabe za mtima wa mbuzi uja.

Bonifasi CO:
Agogo, phunziro limenelo ndi labwino kuposa ma slide athu. Muwauzenso kuti kamtima kameneko kamagunda pafupifupi ka 100,000 pa tsiku osapuma. Ndipo pothamangapo aphunzitsi akhale tcheru: mwana amene watsalira kutali, akupuma movutika, kapena wakhala pansi, alembedwe dzina mwakachetechete, osamuchititsa manyazi. Amene akudziwika kale kuti ali ndi vuto asathamange, akhale wosunga nthawi.

Che Amadu ku Joni:
Zonsezi nzabwino, koma tinene chilungamo. Akuchipatala mukawaitana ku maphunziro funso loyamba ndi lakuti alawansi ndi zingati. Popanda envelopu simuwaona. Ndipo mwana akapezeka kuti mtima wawonongeka kwambiri, ndiye chiyani? Opaleshoni yake mpaka ku India, mndandanda wake wautali ngati njanji. Si kungowapatsa makolo nkhawa?

Nesi Tamara:
Che Amadu, si tonse. Ena tili pano usiku uno tikuyankha mafunso, watipatsa envelopu ndani? Koma pa za opaleshoni mwalasa. Nchifukwa chake tikulimbikira za pakhosi. Jakisoni mmodzi lero, kapena ndege ya ku India mawa imene mwina siidzabwera.
Chinanso chimene sitinachitchule: atsikana. Mimba imawonjezera ntchito ya mtima kwambiri. Mtsikana amene kachitseko kake kanauma amatha kukhala bwinobwino osadziwa, nkudzadziwika ali ndi pakati miyezi isanu ndi iwiri, akubanika. Kuno kumene ana akutenga mimba ali ndi zaka 15 kapena 16, ndaziona ndi maso anga ndipo sindifuna kuzifotokoza. Amayi a Shakira, mwana wanu akamakula nkhani imeneyi mudzakambirane ndi adokotala poyera, isadzakhale ya mwadzidzidzi.

Make Shakira:
Tinayamba kale kukambirana. Amandifunsa kuti jakisoniyu adzasiya liti, ndimasowa chomuyankha.

Bonifasi CO:
Zimatengera mmene mtima wakhudzidwira. Ena zaka zisanu, ena khumi kapena mpaka atapitirira zaka 21, ena mpaka 40, ena moyo wonse. Amene amamuunika ndi echo ndi amene anganene. Musasiye nokha chifukwa akuoneka bwino, ambiri timawataya pamenepo.
Che Amadu, zinthu zikusuntha pang'ono. Mu 2018 mayiko a mu WHO anagwirizana zolimbana ndi matendawa. Ku Neno anayamba kale ndondomeko yotchedwa PEN-Plus, yophunzitsa makiliniko ndi anamwino a m'zipatala za m'maboma kusamalira matenda a mtima otere, shuga ya ana ndi matenda a magazi a sickle cell, kuti wodwala asamachite kupita ku Queens pa chilichonse. Mu 2022 mayiko a mu Africa anavomereza kuti njira imeneyi ifalikire. Koma kiliniki ya ku boma ithandiza amene wafikako. Amene amamuona mwana poyamba ndi mphunzitsi, mlangizi ndi wachipatala wa kumudzi.

Mlangizi Yusufu:
Ndiye tichite chonchi. Alangizi timakumana pa chipatala mwezi uliwonse popereka malipoti, tili kale pamodzi, sipafunika thiransipoti ina. A Bonifasi mutapempha mphindi 30 pa msonkhano ngati umenewo pa chipatala cha kufupi ndi sukulu ya a Madam, sabata imodzi tsiku la anawo lisanafike, ndiye kuti ana akadzayamba kubwera ndi zapakhosi adzapeza anthu okonzeka. Muonenso ku famase ngati benzathine alipo. Kupanda kutero kukhala kuitana alendo nkhuku usanagwire.

Bonifasi CO:
Ndilankhula ndi akuluakulu anga Lolemba, sindingangopita ndekha popanda chilolezo. Ndikalonjeze chimene ndingathe: pepala limodzi la zizindikiro ndi mlingo wa mankhwala loti likamatidwe pa khoma m'chipinda choonera odwala, ndi lina losavuta la aphunzitsi. Ustazi, la Chiyao mutithandiza inu, Chiyao changa ndi cha pa msika.

Ustazi Idrisa:
Tumizani, ndikhala nalo pansi ndi anzanga awiri.

Madam Nachisale:
Ine mawa ndikaonana ndi ahedi, kenako a PEA, oyang'anira sukulu za m'dera lathu. Amayi a Shakira, ndikupempheni chinthu, mukhoza kukana. Mungabwere kudzalankhula ndi makolo? Mawu anu angamveke kuposa athu.

Make Shakira:
Ine ndibwera. Koma mwana wanga ayi, sindifuna azimuloza chala kuti uyo wa mtima uja. Ndimufunsa kaye ngati akulola kuti nditchule nkhani yake. Akakana ndidzangonena kuti mwana wina.

Dalitso wa kabaza:
Amayi ndidzakunyamulani ine ulere, mungondiuza pokupezani. Nanga mtima wa mbuzi agula ndani? Opha mbuzi masiku ano sapereka chaulere, amagulitsa pamodzi ndi chiwindi ndi mapapo.

Achemwali a usipa:
Imeneyo isiyireni ine, mlamu wanga amapha mbuzi pa msika. Madam mufuna ingati?

Madam Nachisale:
Makalasi ndi anayi, Sitandade 5 mpaka 8. Itapezeka iwiri tigawana. Koma muwauze asaiboole ndi mpeni pochotsa, ndipo asadule mitsempha ya pamwamba ija pafupi kwambiri, agogo akuti ndi mmene timathiramo madzi.

Gogo Nambewe:
Ndipo ikhale ya tsiku lomwelo. Kutentha kwa Mangochi mu September, mtima wa dzulo simungaulowetse m'kalasi.